Manga adalowa mu myuziyamu, nanga Pewani ndi Joza asungidwa kuti?

Kuyambira pa 23 May kufika pa 26 August 2019, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya British Museum mumzinda wa London idapereka chipinda chake chachikulu cha zionetsero ku makatuni a ku Japan otchedwa manga. Nyumbayi imadziwika ndi mitembo youmika ya ku Egypt komanso ziboliboli za Agiriki akale. Koma pa miyezi itatu imeneyo, anthu pafupifupi 180,000 adalipira pakhomo kuti akaone masamba a nkhani zojambula zomwe kwawo ku Japan zimagulidwa motchipa pasiteshoni ya sitima n'kutayidwa zikangowerengedwa. Chidali chionetsero cha manga chachikulu kuposa china chilichonse chimene chidachitikapo kunja kwa Japan.

Kwa anthu ambiri mumzinda wa Blantyre, dzina loti manga n'lachilendo, koma nkhope zake n'zodziwika. Goku wa tsitsi loimirira ngati minga ya nungu komanso Naruto wa kansalu kapamphumi amapezeka pa malaya a kaunjika mumsika wa Limbe, pa zikwama za ana asukulu, m'mafoni a achinyamata ndi kumasamba akumapeto a makope a ana a ku Nancholi, Manase ndi Ndirande. Makolo ndi aphunzitsi ambiri amaona zojambulazi ngati chibwana chotha makope. Zaka 70 zapitazo, makolo ambiri ku Japan ankaganizanso chimodzimodzi.

Chimene chidasintha kumeneko si makatuniwo ayi. Adasintha ndi maganizo a anthu, amene adafika pozindikira kuti pepala lotchipa lingathe kusenza mbiri ya mtundu, ndipo adayamba kulisunga lisadathe. Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa dziko la Malawi, lomwe nalonso lili ndi ojambula makatuni amene adasangalatsa mibadwo ya owerenga nyuzipepala.

Kodi manga n'chiyani?

Liwu loti manga silikhudzana ndi kumanga nyumba kapena kumanga wakuba. Ndi liwu la Chijapani lomwe tanthauzo lake loyambirira ndi zithunzi zojambulidwa momasuka, mongotsata kumene dzanja lafuna. Lero limaimira nkhani zofotokozedwa kudzera m'zithunzi zosanjidwa m'timabokosi, mawu a oyankhula ali m'timatumba totuluka pakamwa pawo.

Zinthu zingapo zimasiyanitsa manga ndi makatuni a maiko ena. Buku lake limayambira komwe Mmalawi angati n'kumapeto, ndipo tsamba limawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Zithunzi zambiri zimakhala zakuda ndi zoyera basi, chifukwa kusindikiza kotero n'kotchipa komanso n'kwachangu. Nkhani imodzi imatha kutenga zaka zambirimbiri isadathe.

Nkhanizi zimayamba kutuluka m'magazini okhuthala a sabata ndi sabata kapena a mwezi ndi mwezi, osindikizidwa pa pepala losalimba. M'magazini imodzi mumakhala nkhani pafupifupi 20 za ojambula osiyanasiyana, iliyonse mutu umodzi. Nkhani imene owerenga aikonda imasonkhanitsidwa n'kukhala mabuku ang'onoang'ono a pepala labwinopo. Ikatchuka kwambiri imasanduka kanema wa zithunzi zoyenda, yemwe amatchedwa anime. Achinyamata ambiri kuno adakumana ndi Goku ndi Naruto kudzera m'makanema amenewa, osati m'mabuku amene iwo adabadwiramo.

Kukula kwa malondawa n'kozizwitsa. Magazini ya Weekly Shonen Jump, yomwe idayamba mu 1968, idafika posindikiza makope 6.53 miliyoni a sabata imodzi cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1990. M'magazini imeneyi ndi mmene mudatulukira Dragon Ball ya Akira Toriyama kuyambira 1984 mpaka 1995, Naruto ya Masashi Kishimoto kuyambira 1999 mpaka 2014, ndi One Piece ya Eiichiro Oda yomwe idayamba mu 1997 ndipo pofika 2022 mabuku ake adali atapitirira 500 miliyoni. Manga si a anyamata okha. Alipo a atsikana, a amayi, a abambo ogwira ntchito m'maofesi, ndipo nkhani zake zimakhudza mpira, kuphika, ulimi, chipatala, chipembedzo, ndale ndi ukalamba.

Mizu yake

Ofuna kuonetsa kuti lusoli n'lakale amayambira ku kachisi wa Kozan-ji ku Kyoto, mwini wake wa mipukutu inayi yotchedwa Choju-giga, yojambulidwa m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200. Pa mpukutu woyamba pali akalulu, achule ndi apusi akuchita zinthu ngati anthu: akusamba mumtsinje, akupikisana kuponya mivi, ndipo chule akugwetsa kalulu pamasewero olimbana. Mmalawi amene adakulira nthano za kalulu ndi fisi sangavutike kumva nthabwala zake, ngakhale palibe liwu ndi limodzi lomwe lolembedwa.

Liwu loti manga lidafala ndi katswiri wina wa zojambula, Katsushika Hokusai, yemwe mu 1814 adatulutsa buku loyamba la Hokusai Manga. Mabukuwo adakwana 15, ndipo lomaliza lidatuluka mu 1878 iye atamwalira kale. Komabe mabuku a Hokusai sadali nkhani zotsatizana. Adali mulu wa zithunzi za anthu, nyama, zomera ndi mizukwa zophunzitsira ojambula anzake. Pa chifukwa chimenechi, akatswiri ambiri a mbiri amachenjeza kuti palibe chingwe chowongoka chochokera ku mipukutu ya akalulu kudzafika kwa Naruto.

Manga amakono adabadwira m'nyuzipepala. Mu 1862 Mngelezi wina, Charles Wirgman, adayambitsa magazini ya nthabwala zojambula ya The Japan Punch padoko la Yokohama. Ajapani adatengera njirayo n'kuisandutsa yawo. Mu 1902 Rakuten Kitazawa adayamba tsamba la makatuni la Lamulungu lililonse m'nyuzipepala ya Jiji Shimpo, ndipo amatengedwa ngati munthu woyamba m'dzikolo kupeza chakudya chake ndi ntchito ya makatuni.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu awiri adatsegula njira zimene ena adadzatsata. Mayi Machiko Hasegawa adayamba Sazae-san mu 1946, katuni ya timabokosi tinayi yonena za mayi wapabanja ndi abale ake, yomwe idatuluka m'nyuzipepala mpaka 1974. Ofuna kudziwa mmene mabanja a ku Japan ankadyera, kuvala ndi kukanganira m'zaka za umphawi zotsatira nkhondo amaibwererabe katuni imeneyi. Winayo ndi Osamu Tezuka, yemwe adaphunzira udokotala koma adasankha cholembera. Buku la Shin Takarajima la mu 1947 lidamutchukitsa, ndipo Astro Boy, nkhani ya kamnyamata kachitsulo kokhala ndi mtima waumunthu, idayamba mu 1952. Pomwe ankamwalira mu 1989 n'kuti atajambula masamba pafupifupi 150,000.

Luso lake lagona pati?

Woyang'ana chithunzi chimodzi cha manga n'kufunsa ngati chikufanana ndi zithunzi za akatswiri otchuka a penti wafunsa funso lolakwika. Luso la manga silili m'chithunzi chimodzi. Lili m'mene zithunzi zimatsatirana.

Wojambula amalamulira nthawi pogwiritsa ntchito kukula kwa timabokosi. Timabokosi ting'onoting'ono tothithikana timathamangitsa diso, ngati ng'oma ikamafulumira. Bokosi lalikulu lodzaza tsamba lonse limaimitsa wowerenga kuti apume. Tezuka adatengera njira za kanema: galimoto imaoneka ili patali, kenako yayandikira, kenako tsamba ladzaza ndi diso la woyendetsa. Zimene wina akadanena m'chithunzi chimodzi, iye ankazitambasula pa masamba angapo kuti wowerenga amve liwiro lake m'thupi.

Pakati pa kabokosi ndi kanzake pamakhala kampata koyera. M'kabokosi koyamba munthu wakweza chibakera, m'kachiwiri mnzake ali pansi. Kumenyako sikudajambulidwe, koma wowerenga wakuona m'mutu mwake. Motero wowerenga amagwira nawo ntchito yopanga nkhani, monga mmene omvera nthano amavomerezera kuti ali tonse. Kutembenuza tsamba nakonso ndi chida. Wojambula wochenjera amaika funso pakona yomaliza ya tsamba, yankho lake n'kulibisa kuseri, kuti chala cha wowerenga ndicho chiulule chinsinsi.

Chijapani, monga Chichewa, n'cholemera ndi mawu otsanzira phokoso ndi mmene zinthu zikuonekera. Mchewa amati munthu wagwa khu, madzi ali mbee, kunja kuli zii. Ojambula manga amalemba mawu oterewa ndi dzanja ngati gawo la chithunzi, zilembo zake zonjenjemera, zosweka kapena zonenepa malinga ndi phokosolo. Ali nalo ngakhale liwu la kusowa kwa phokoso, shiin, lomwe limagwira ntchito yofanana ndi zii wa m'Chichewa.

Ntchito yake ndi yakalavulagaga. Wojambula wa magazini ya sabata ndi sabata amayenera kupereka masamba pafupifupi 20 masiku 7 alionse. Amayamba ndi kukhwatchakhwatcha dongosolo la timabokosi, n'kukambirana ndi mkonzi, kenako amajambula ndi pensulo, n'kudutsamo ndi inki. Omuthandiza amajambula nyumba, misewu ndi mitengo yakumbuyo, n'kumata timapepala ta madonthomadontho topereka mthunzi.

Kuti njira imeneyi ingathe kunyamula nkhani zolemera zidaoneka ndi Keiji Nakazawa. Iye adali ndi zaka 6 pamene bomba la atomiki lidagwa pa Hiroshima pa 6 August 1945, ndipo lidapha bambo ake, mlongo wake ndi mng'ono wake. Mu 1973 adayamba kufotokoza zimene adaona m'nkhani ya Hadashi no Gen, ya mnyamata woyenda chosavala nsapato m'mabwinja a mzindawo. Nkhaniyi idayamba kutuluka m'magazini yomwe ija ya Weekly Shonen Jump, pambali pa nkhani zankhonya ndi zoseketsa, ndipo idamasuliridwa m'zinenero zambiri.

Ulendo wa ku myuziyamu

Ulemu sudabwere msanga. Mu 1955 magulu a makolo ndi aphunzitsi ku Japan adachita kampeni yothana ndi mabuku amene ankati ndi oipa, ndipo m'malo ena manga adatenthedwa pabwalo la sukulu. Ngakhale ntchito za Tezuka sizidapulumuke chidzudzulo.

Khomo loyamba lidatseguka mu 1966, pamene mzinda wa Omiya, womwe lero ndi gawo la Saitama, udatsegula nyumba ya makatuni pamalo pomwe padali nyumba ya Rakuten Kitazawa. Mu 1988 myuziyamu ya mzinda wa Kawasaki idatsegulidwa ili ndi gawo losonkhanitsa manga. Mu 1990, patangotha chaka Tezuka atamwalira, nyumba ya boma ya zaluso zamakono ku Tokyo idachita chionetsero cha ntchito zake, ndipo mu 1994 mzinda wa Takarazuka, komwe iye adakulira, udamumangira myuziyamu yakeyake. Mu November 2006 mzinda wa Kyoto mogwirizana ndi Kyoto Seika University udatsegula Kyoto International Manga Museum m'nyumba yomwe kale idali sukulu ya pulayimale.

Ku Ulaya nakonso zinthu zinkayenda. Afalansa amatcha makatuni luso lachisanu ndi chinayi, ndipo mu 1974 mzinda wa Angoulême udayamba kuchititsa chikondwerero chachikulu cha makatuni. Mphotho yake yapamwamba idapita kwa Katsuhiro Otomo wa ku Japan mu 2015 ndi kwa mayi Rumiko Takahashi mu 2019.

Mkangano sudathe konse. Mu 2009 boma la nduna yaikulu Taro Aso lidaika padera mayeni 11.7 biliyoni omangira likulu la dziko lonse la manga, anime ndi zina zotero. Otsutsa adaliseka kuti boma likufuna kutsegula malo ake owerengerako makatuni ndi ndalama za misonkho, ndipo chipani china chitalowa m'boma chaka chomwecho chidathetsa ntchitoyo. Nacho chionetsero cha ku London cha mu 2019 chidagawa olemba za luso. Ena adachiyamikira pokopa achinyamata amene sapondako ku myuziyamu, pomwe ena adafunsa ngati malo otero ndi oyenera makatuni.

Vuto lopachika nkhani pakhoma

Walira mvula walira matope. Manga atalandiridwa mu myuziyamu, padabuka vuto limene oyang'anira zionetsero akulimbana nalo mpaka lero. Chithunzi cha penti chidapangidwa kuti chipachikidwe pakhoma. Tsamba la manga lidapangidwa kuti ligwiridwe m'manja, liwerengedwe m'masekondi ochepa, kenako litembenuzidwe. Likachotsedwa pakati pa anzake n'kuikidwa m'galasi, nkhani imaduka, ndipo chala cha wowerenga chimasowa chochita.

Vuto lotere si lachilendo kuno. Ku Mua m'boma la Dedza, myuziyamu ya Chamare ya pa Kungoni Centre, malo amene bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, imasunga zigoba zambirimbiri za gule wamkulu. Mlendo amaphunzirapo zambiri za kasemedwe, mitundu ndi matanthauzo ake. Koma aliyense wokulira kumudzi kwa Achewa amadziwa kuti gule amakwanira pabwalo, pamene pali ng'oma, fumbi ndi amayi ovomereza nyimbo. Myuziyamu imasunga chooneka ndi maso, ndipo imayenera kufunafuna njira zina zofotokozera moyo wake.

Ku Japan apeza mayankho atatu. Loyamba ndi la ku Kyoto: kusandutsa myuziyamu kukhala malo owerengera. Mwa zinthu pafupifupi 300,000 zimene nyumbayo imasunga, mabuku okwana 50,000 ali pa mashelefu otalika mamita 200 m'mbali mwa makoma, ndipo mlendo aliyense amaloledwa kutenga buku n'kukawerengera pamasitepe kapena pakapinga panja. Zotsalazo, makamaka magazini akale osalimba, zimasungidwa mosamala kuti azigwiritsa ntchito ofufuza.

Yankho lachiwiri ndi kuonetsa pepala lenileni lochokera m'manja mwa wojambula, lomwe Ajapani amalitcha genga. Pepalali limakhala lalikulu kuposa tsamba la m'buku, ndipo limaonetsa zimene makina osindikizira amabisa: mizere ya pensulo yosafufutika bwino, penti yoyera yokwirira polakwika, timapepala ta mawu tomatidwa ndi guluu, ndi malangizo a mkonzi m'mphepete. Apa mlendo sawerenga nkhani. Amaona dzanja la munthu likugwira ntchito, likulakwitsa ndi kukonza.

Yankho lachitatu lidabwera chifukwa genga imaonongeka ndi kuwala. Mayi Keiko Takemiya, wojambula wotchuka yemwe adaphunzitsanso pa Kyoto Seika University, adatsogolera ntchito yopanga makope ofanana ndendende ndi mapepala oyambirira, mpaka madontho a litsiro ndi kufiira kwa ukalamba. Makopewo ndi amene amayenda m'zionetsero za maiko akutali, eniake ali phee m'chipinda chamdima.

Pepala silidikira

Kwa zaka zambiri, genga inkaonedwa ngati chotsalira cha ntchito yosindikiza. Ena mwa mapepalawa adasowera m'maofesi a makampani osindikiza, ena adadulidwadulidwa n'kupatsidwa kwa owerenga ngati mphatso, ena adatayidwa ndi achibale mwini wake atamwalira. Mtengo wake udadzadziwika mochedwa. Mu May 2018 tsamba limodzi la Astro Boy lojambulidwa ndi Tezuka lidagulitsidwa pa okushoni ya Artcurial ku Paris pamtengo wa mayuro 269,400. Nkhaniyo idadzidzimutsa ambiri ku Japan, poopa kuti chuma chawo chithera m'nyumba za anthu olemera akunja, monga zidachitikira ndi zithunzi zambiri za m'nthawi ya Hokusai.

Tauni yaing'ono ya kumpoto idachitapo kanthu. Yokote Masuda Manga Museum m'chigawo cha Akita, yomwe idatsegulidwa mu 1995 ndi kukonzedwanso mu 2019, idadzipereka ku ntchito yosunga genga. Ili ndi mapepala oposa 400,000. Lililonse limajambulidwa ndi makina kuti likhale pa kompyuta, limalembedwa m'kaundula, kenako limagonekedwa pakati pa mapepala apadera m'chipinda chomwe kutentha ndi chinyontho zimayang'aniridwa usana ndi usiku.

Ngakhale zosungidwa mu myuziyamu zimatha kuonongeka. Mu October 2019, pasadathe miyezi iwiri chitsekereni chionetsero cha ku London, namondwe wa Hagibis adasefukiza madzi m'zipinda zapansi za myuziyamu ya Kawasaki ija. Zinthu zoposa 200,000 zidanyowa, kuphatikizapo magazini ndi mapepala oyambirira a manga. Anthu a mu Blantyre, amene adaona matope ochokera m'phiri la Soche akukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, sakufunika kuuzidwa zimene madzi amachita ndi katundu wa m'nyumba. Kuonjezera pa madzi, pepala kuno lili ndi adani ena: chiswe, njenjete, makoswe, chuku cha m'dzinja ndi denga lodontha.

Palinso kusintha kwina. Ojambula ambiri masiku ano amagwira ntchito pa kompyuta, ndipo ku Japan ndalama zochokera kwa owerenga manga pafoni zidaposa kale za mabuku apepala. Wojambula wotere sasiya pepala loti lidzapachikidwe. Amasiya fayilo, yomwe imatha kufa limodzi ndi kompyuta yake. Choncho mapepala a m'badwo wa inki ndi cholembera ndi owerengeka, ndipo sadzachulukanso.

Za kuno kumudzi

Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Malawi alibe magazini yosindikiza makope mamiliyoni, koma ali ndi mbiri yakeyake ya makatuni. Owerenga nyuzipepala akale amakumbukira Pewani ndi Zabweka a Brian Hara komanso Joza wa Vic Kasinja, ndipo a m'badwo wotsatira amadziwa Amtchona a James Kazembe. Ambiri ankati akagula nyuzipepala ya kumapeto kwa sabata, ankayamba aona katuni asadawerenge nkhani ya patsamba loyamba.

Makatuni amenewa ndi mboni za nthawi yawo, monga Sazae-san alili kwa Ajapani. Dzina lokha loti Amtchona lasenza mbiri ya Amalawi amene adapita kukagwira ntchito kumigodi ndi m'mafamu a ku Joni ndi ku Halale n'kukhalitsa komweko. M'zojambula zotere muli kavalidwe, mitengo ya zinthu, mayendedwe, chinenero cha m'tauni ndi mikangano ya m'banja ya zaka zimene zidapita. Mulinso mbiri ya ufulu woyankhula. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pansi pa lamulo la mu 1968 lounika mabuku ndi zisangalalo, wojambula ankayenda mosamala, nthabwala zake n'kumazungulira pa za m'banja ndi za m'tauni. Mphepo itasintha mu 1992 ndi 1993, nyuzipepala zatsopano zidabuka ngati bowa, ndipo atsogoleri adayamba kuoneka m'makatuni, mphuno ndi mimba zawo zitakokomezedwa. Wofuna kumvetsa mmene anthu ankamvera pa nthawi ya riferendamu ya pa 14 June 1993 angaphunzire zambiri m'zojambula za miyezi imeneyo.

Nyuzipepala zosindikizidwa zili ndi kwawo. Lamulo limafuna kuti zosindikizidwa m'dziko muno zizitumizidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House imasunganso zolembedwa zakale. Koma pepala limene wojambula adalipereka kwa mkonzi si chosindikizidwa. Tsogolo lake limadalira amene adalitola: kabati ya mu ofesi, sutukesi ya pansi pa bedi, kapena wachibale amene sadziwa kuti mulu wa mapepala achikasu uli ndi phindu. Ena mwa ojambula a m'badwo woyamba adatsikira kale kulichete, ndipo chaka chilichonse chikamatha, odziwa kumene ntchito zawo zili akucheperachepera.

Malo oyambira alipo. Myuziyamu ya Chichiri, yomwe idasamukira pamalo ake a lero mu 1966, chaka chomwe Omiya idatsegula nyumba yake ya makatuni, imadziwika ndi injini zakale za nthunzi zili pabwalo, zida za makolo, ndalama zakale ndi mbiri ya malonda a akapolo. Ana asukulu amapitako m'magulumagulu. Kuchokera ku Nancholi ndi ulendo wa maminibasi awiri, umodzi wolowa m'tauni, wina wolowera ku Limbe. Mumzinda momwemu muli Jacaranda Cultural Centre ndi malo oonetsera zaluso a La Caverna ku Mandala House, komwe zionetsero za zojambula si zachilendo.

Zimene zidachitika ku Japan zikusonyeza dongosolo la ntchitoyi. Choyamba ndi kalembera: kufunsa ojambula amoyo, mabanja a omwalira ndi makampani a nyuzipepala zimene ali nazo. Chachiwiri ndi kujambula pepala lililonse ndi makina n'kusunga makope ake m'malo angapo, ntchito imene ophunzira a utolankhani ku Mubas kapena a zaluso ku University of Malawi ku Zomba angaigwire ngati gawo la maphunziro awo. Chachitatu ndi kusunga mapepala enieniwo mogoneka, pamalo ouma, okwera ndi amdima, osawapinda kapena kuwamata ndi selotepi. Chachinayi ndi kulemekeza umwini. Lamulo la Copyright Act la mu 2016 limateteza zojambula, choncho chionetsero chilichonse chiyenera kuyamba ndi chilolezo cha wojambula, banja lake kapena kampani imene ili ndi umwiniwo, ndipo bungwe la Cosoma lilipo kuti liunikire pa nkhani zotere.

Chionetsero chenichenicho sichifuna mabiliyoni. Katuni ya m'nyuzipepala ili ndi mwayi umene manga aatali alibe: nkhani yake yonse imathera m'timabokosi titatu kapena tinayi, motero ikapachikidwa pakhoma siduka. Pambali pa pepala loyambirira pangaikidwe tsamba la nyuzipepala la tsiku limene idatuluka, kuti mlendo aone nkhani imene wojambula ankayankha. Pakona pangakhale mphasa, mabuku owerenga ndi mapensulo, monga amachitira ku Kyoto.

Phindu lake silili pa zakale zokha. Achinyamata amene akukopera nkhope za Goku amafunika kudziwa kuti m'dziko mwawo mudali kale anthu amene ankafotokoza nkhani ndi inki, ndiponso kuti chinenero chawo chili ndi zida zofanana ndi za Chijapani. Njira yotulukira kunja iliponso: kuyambira 2007 unduna wa zakunja wa Japan umapereka mphotho ya Japan International Manga Award kwa ojambula a maiko ena.

Mu 2006 bungwe la Unesco lidaika malo 127 a zithunzi zapamiyala a ku Chongoni m'boma la Dedza pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zimenezo zidafika m'badwo uno chifukwa zidajambulidwa pa thanthwe, pansi pa mapanga. Ojambula a m'nyuzipepala adagwiritsa ntchito pepala, lomwe silipirira dzinja lambiri popanda wolisamala. Madzi akatayika saoleka, ndipo tsamba la Pewani kapena la Joza likadyedwa ndi chiswe palibe amene angalijambulenso.